Khadi Lofiira pa Benchi

1. Chotsachotsa

Tsabola anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a unamwino. Dzinali anam'patsa ndi amalume ake akadali wamng'ono, chifukwa akayankha munthu, mawu ake ankaŵaŵa mpaka m'maso. Anthu analizolowera moti dzina lake lenileni linatsala m'mabuku a kusukulu.

Sukulu inamutumiza kukaphunzira ntchito pachipatala chachikulu. Kuti aloledwe kulemba mayeso otsiriza pankafunika chinthu chimodzi: a Metroni, mkulu wa anamwino onse, asayine kuti mtsikanayu wagwira ntchito bwino ndipo ndi womvera. Popanda dzanja la a Metroni, chaka chonse chikanalowa m'madzi.

Chaka chimenecho pachipatalapo panali patafika kagwiridwe katsopano ka ntchito. A kulikulu ankakatchula kuti Lini, koma antchito, poti sasowa dzina, anakatcha Chotsachotsa.

Mfundo yake inali yabwino, tisaname. Chilichonse chodya nthawi ya wodwala popanda kumuthandiza chinayenera kuchoka. Namwino asamazungulire chipatala chonse kufunafuna sizasi. Chida chilichonse chikhale ndi malo ake. Wodwala asamadikire pachabe. Ndipo wantchito aliyense akaona vuto alinene, kaya ndi dokotala kaya ndi wokolopa.

Chinthu chikaoneka kuti chilibe ntchito, ankachimangirira khadi lofiira n'kukachiika kuseri kwa nyumba yochapira. Kumeneko chinkadikira akuluakulu kuti abwere adzachione, afunse ntchito yake, kenako agamule ngati chitayidwe kapena chibwerere.

Anamwino ena ankati zimenezi ndi zotopetsa, koma Tsabola anazikonda ndi mtima wonse. Chipinda chotsukira mabala anachikonza yekha. Pathebulo anajambula chithunzi cha chida chilichonse pamalo ake, moti sizasi ikasowa, chithunzi chake chinkatsala chili yasa, chikuitana mwiniwake. Odwala a mabala anayamba kutuluka msanga, ndipo ngakhale a Metroni, amene kuyamika kunkawavuta ngati kumeza mankhwala oŵaŵa, anati, "Apa mwayesa."

Kenaka panamveka uthenga wakuti kukubwera oyeza. Adzayenda m'chipatala monse, adzafunsa antchito, adzaona mmene odwala akuyendera kuchokera pachipata mpaka pawindo la mankhwala, ndipo adzapereka malikisi osonyeza ngati Chotsachotsa analowadi m'magazi a chipatalacho.

2. Mabenchi achoke

Woyang'anira chipatala anali bambo amene antchito ankamutcha kuti a Tayi, poti kaya kutenthe bwanji, khosi lawo silinkaona mphepo. Kutatsala tsiku limodzi kuti oyeza afike, anaitana akuluakulu a zipinda zonse. Tsabola anaitanidwanso, iye yekha mwa ophunzira.

"Ndaganiza mozama," anatero a Tayi. "Chipatala cha Lini sichikhala ndi mzere wa odwala. Tsono benchi ndi chiyani? Benchi ndi umboni wakuti pano anthu amadikira. Mabenchi onse a m'khonde alandire khadi lofiira, apite kuseri kwa nyumba yochapira. Mawa odwala akafika, mlonda awatumize komweko, azikakhala pamabenchi awo. Muno azilowa ochepaochepa, motsatira mmene afikira. Alendo aone khonde loyera."

Aliyense ankadziwa kuti mzerewo sunabwere ndi mabenchi. Unabwera chifukwa dokotala woona odwala a kunja anali mmodzi, pamene anthu ankabwera ngati nyerere.

"Iwe mtsikana," anapitiriza a Tayi, "chipinda chako ndiye chokongola kwambiri, ndipo pakamwa pako palibe chibwibwi. Ndiwe udzatsogolere alendo. Tapenta mzere wachikasu pansi. Udzayende pamzerewo, osapatuka."

"Nanga akafunsa kumene odwala amadikirira, bwana?" anafunsa Tsabola.

"Udzati pano sadikira."

Msonkhano utatha, a Metroni anamuitanira muofesi mwawo n'kutseka chitseko.

"Ndinakuona nkhope, ndiye ndikuuze zisanafike patali," anatero. "Usaganize kuti ine ndikusangalala nazo. Ndinayamba ntchito ino mayi ako asanakubale, ndipo ndaona alendo ambiri. Amabwera ndi zolembera zawo, amamwa madzi ozizira, amapita. Chotsala ndi malikisi. Zipatala zimene zakhoza bwino ndi zimene a kulikulu amazikumbukira akamagawa madokotala ndi anamwino atsopano. Zolephera amaziuza kuti ziyambe zakonza m'nyumba mwawo. Iwe ukufuna mzere uthe? Inenso ndikufuna. Mzere udzatha tikalandira dokotala wachiwiri, ndipo dokotalayo adzabwera ngati mawa tikhoza. Ndiye bodza la tsiku limodzi likhoza kuchiritsa anthu a chaka chonse. Unamwino si kumanga mabala kokha, mwanawe. Ndi kudziwanso nthawi yotseka pakamwa. Amene sadziwa zimenezi ine sindingamusayinire kuti ndi womvera. Wamva?"

"Ndamva, mayi," anayankha Tsabola. Sananene kuti wavomera, ndipo a Metroni anazindikira kusiyana kwake.

3. Mawu a amalume

Amalume ake a Tsabola ankagwira ntchito pachipatala pomwepo, yokankha odwala pa njinga ndi pa machira. Ndi iwo amene anamulera bambo ake atamwalira. Masana amenewo anapatsidwa ntchito yonyamula mabenchi, ndipo Tsabola ndiye ankamangirira makadi.

"Gwira mbali iyo," anatero amalume. "Ndipo usandiyang'ane choncho, si ine ndinalamula."

Ananyamula benchi limodzi mpaka kuseri kwa nyumba yochapira. Kumeneko kunali kale mabedi othyoka miyendo, zidebe zobooka ndi sikelo yakale, zonse zili ndi makadi ofiira. Mthunzi kunalibe, kupatula wa mashiti a pabedi oyanikidwa pachingwe.

Amalume anakhala pabenchipo n'kupukuta thukuta.

"Mwana wa mlongo wanga, khala apa," anatero. "Ine ndikukudziwa. Mutu wako ukayamba kupendekera kumanzere choncho, ndiye kuti kukubwera mlandu. Tamvera. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mawa dzuwa likamapendeka alendowo adzakhala atakwera galimoto lawo, koma a Tayi ndi a Metroni adzakhala ali pompano, ndipo iwenso. Ine ndinali ndi pakamwa ngati pako. Tsiku lina ndinanena pagulu kuti machira athu akugwetsa odwala. Machira sanakonzedwe, koma ine ndinachoka pamndandanda wa okaphunzira, ndipo anzanga amene anakhala chete lero ali ndi maofesi. Ndakalamba ndikukankha njinga. Sindikudandaula, koma sindinakulere kuti udzakankhe njinga nawenso. Mayi ako akauza anthu kuti mwana wawo ndi namwino, amaimirira ngati atalika. Watsala pang'ono kuoloka. Munthu sakangana ndi mwini bwato ali pakati pa mtsinje. Oloka kaye, uvale yunifolomu yako yeniyeni, ndiye udzalankhule mpaka pakamwa paume."

"Nanga mawa ndani aziona anthu kuno, amalume?"

"Kuwaona bwanji?"

"M'khonde muja timadutsa tonse. Namwino akamapita kukatenga mankhwala, maso ake amayenda pamabenchi. Akaona wina wafooka kwambiri amamukoka, osadikira mzere. Inunso mumatero, ndimakuonani. Kuno adutsa ndani? Ochapa?"

Amalume anayang'ana mashiti aja kwa kanthawi.

"Ndi tsiku limodzi," anatero potsiriza. "Nyamuka, mabenchi akadalipo ambiri."

4. Mzere wachikasu

Kutacha, khonde linali lowala moti munthu akanadziona nkhope pansi. Linalinso lopanda anthu, ngati chipatala chimene matenda achikana. Odwala atatu anayi okha ndi amene ankaoneka, akuyenda mwamanyazi ngati alowa m'nyumba ya eni ake.

Oyeza anafika awiri: mayi wachikulire wa magalasi, ndi mnyamata wonyamula chikwama chake. Mayiyo sankalankhula zambiri. Ankayang'ana, n'kulemba, n'kuyang'ananso.

Tsabola anawatsogolera pamzere wachikasu, a Tayi ndi a Metroni ali pambuyo. Anawaonetsa mosungira mankhwala, mmene botolo lililonse linali ndi malo ake. Anawaonetsa chipinda chake chotsukira mabala. Mayi wa magalasi anachotsa sizasi pathebulo n'kuibisa kumbuyo, ndipo Tsabola anangoloza chithunzi chotsalacho. Mayiyo anamwetulira pang'ono n'kubweza sizasiyo. A Tayi anakonza tayi yawo mokhutira.

Akutuluka m'chipindamo anakumana ndi amalume, akukankha njinga yopanda munthu. Anapatukira kukhoma kuti alendo adutse, ndipo Tsabola atafika pafupi anamunong'oneza osamuyang'ana.

"Kuseri kuli mwana. Akupuma mothamanga, khosi lalefuka. Mayi ake ali naye kumapeto kwa mzere. Ndauza mlonda, akuti analamulidwa kuti mzere usasokonezeke mpaka alendo apite. Ndimati ndimulowetse ndekha, wandibweza ndi njinga yomwe."

"Ndiye mukundiuziranji ine, amalume?"

"Sindikukuuza kanthu," anatero, ndipo anakankha njinga yawo n'kupitirira.

Anafika pakati pa khonde. Mayi wa magalasi anaima. Anayang'ana pansi, pamene miyendo ya mabenchi inasiya timabala tozungulira pasimenti, timene ngakhale okolopa analephera kufafaniza. Kenaka anayang'ana Tsabola.

"Mwana wanga, odwala anu amadikirira pati?"

"Pano sadikira, mayi," analumphira a Tayi. "Ndiye ubwino wa Lini umenewo."

"Ndafunsa namwinoyu, bambo."

Tsabola anayang'ana a Metroni. A Metroni sanaphethire. Mantha anamugwira mtsikanayo, tisabise. Mzere wachikasu unkakhotera kumanja, kupita ku chipinda cha amayi oyembekezera kumene anali ataikako maluwa.

"Tiyeni ndikakuonetseni," anatero, ndipo anakhotera kumanzere.

"Mtsikana iwe, njira si imeneyo," anatero a Tayi.

"Ndi imeneyi, bwana. Ndi imene odwala ayenda lero."

5. Kuseri kwa nyumba yochapira

Anadutsa pakhomo laling'ono la kumbuyo, kudutsa pamene pamatayikira madzi a sopo, n'kutulukira kuseri.

Anthu anali atadzaza mabenchi onse, ena atakhala pamabedi othyoka aja, ena pansi. Ena anali atadzifunda mashiti onyowa kuti athawe dzuwa. Pa benchi lililonse pankalendewera khadi lofiira, ndipo mkulu wina wotupa mwendo ankadzikupiza ndi limodzi mwa makadiwo.

Tsabola sanadikire kuti alendo aone bwino. Anathamangira kumapeto, kumene mayi wina anali atanyamula mwana wamng'ono pamiyendo. Anagwira mwanayo pamphumi, anamutsegula chifuwa n'kuona nthiti zikulowa m'kati pakupuma kulikonse.

"Mwafika liti, mayi?"

"Kalekale, anamwino. Akuti tidikire, kuli alendo."

"Amalume, njinga."

Amalume anali kale pambuyo pake. Kuti anafika nthawi yanji palibe anaona. Mayiyo anakhala panjinga mwana ali m'manja. A Metroni anagwada n'kuyang'ana mwanayo m'maso. Pa zimenezi sankachedwa.

"Molunjika kwa dokotala, ndipo mukonze mpweya," anatero. "Wina akakuimitsani, munene kuti ndatuma ndine."

Njinga inapita. A Metroni anaimirira n'kuyenda pamabenchi onse, benchi ndi benchi, ndipo anatulutsa anthu ena awiri amene sankayenera kudikira. Sanamuyang'ane Tsabola ngakhale kamodzi.

Mayi wa magalasi anagwira khadi limodzi n'kuliwerenga.

"Analemba ndani ili?"

"Ndine, mayi," anayankha Tsabola.

"Palembedwa kuti benchi ili lilibe ntchito."

"Ndinalemba zimene ndinauzidwa. Ntchito lili nayo, mukuiona."

A Tayi anayamba kufotokoza kuti zimenezi zinali zongoyembekezera, kuti m'khonde munali kukonzedwa, kuti ophunzira a masiku ano samvetsa dongosolo. Mayiyo anawasiya mpaka mawu anawathera okha.

"Bambo," anatero, "ine sindinabwere kudzayeza kuwala kwa simenti. Mzere wautali ndauona m'zipatala zambiri, ndipo sundidabwitsa. Chipatala chimene chimandionetsa mzere wake n'kundiuza zimene chikuchita nawo, chimenecho chayamba kuphunzira. Chinthu choyamba chimene ndimayeza n'chakuti, kodi wantchito wamng'ono angathe kuloza vuto popanda kuopa? Yankho lake sindilemba lero. Ndidzaliona pa zimene zidzamuchitikire mtsikanayu."

Anatseka buku lake. Maluwa a ku chipinda cha amayi oyembekezera sanakawaonenso.

6. Khadi lomaliza

Madzulo a tsiku lomwelo mabenchi anabwerera m'khonde. Mwana uja anagonekedwa, ndipo mmawa wake anali atayamba kuyamwa.

Koma musaganize kuti Tsabola anamuimbira nthungululu. Mphekesera inali itazungulira kale kuti malikisi atsika, ndipo dokotala wachiwiri asayembekezeredwe. Anamwino amene dzulo lake ankaseka naye anamudutsa ngati chitsa. Mmodzi anamuuza maso ndi maso kuti, "Iwe ukupita mwezi wamawa. Ife titsala ndi mzerewu. Zikomo kwambiri."

Mawu amenewo anamupweteka kuposa ukali wa a Tayi, chifukwa munali choonadi.

Atalowa m'chipinda chosinthira zovala, anapeza khadi lofiira litamangidwa pachitseko cha kabati yake. Amene analimanga analemba bwinobwino, monga mwa lamulo. Pa malo a dzina la chinthu panali "Tsabola". Pa malo a chifukwa panali "Chilibe ntchito pano".

Anaima n'kuliyang'ana. Misozi inabwera, ndipo anaipukuta ndi mkono. Kenaka anamasula khadilo n'kulimangirira pa batani la yunifolomu yake, pachifuwa penipeni.

Pakhomo anakumana ndi amalume.

"A Metroni akukufuna muofesi," anatero. Maso awo anagwera pakhadipo. "Chotsa icho, mwana iwe. Sunakhute mlandu wa dzulo?"

"Sindichotsa, amalume."

"Ndinakuuza kuti uoloke kaye."

"Munandiuzadi. Munandiuzanso za mwana uja."

Amalume anakanda m'mutu. "Ine ndinangolankhula ndekha, iwe n'kumva."

"Lamulo la khadi mukulidziwa," anatero Tsabola. "Chinthu sichitayidwa akuluakulu asanachione n'kufunsa ntchito yake. Ndikupita kuti akandifunse."

Anayenda m'khonde lonse khadi likugwedezeka pachifuwa. Odwala pamabenchi ankamuyang'ana, anamwino ankayang'ana kumbali. Kumbuyo kwake kunkamveka kulira kwa tayala la njinga, chifukwa amalume, amene ntchito yawo inali mbali ina ya chipatala, anaganiza kuti njinga yawo ili ndi chochita kufupi ndi ofesi ya a Metroni.

Anagogoda.

"Lowa."

A Metroni anali pampando wawo. A Tayi anaima pawindo, manja kumbuyo. Pampando wa alendo panakhala munthu amene Tsabola sankamuyembekeza: mphunzitsi wamkulu wa sukulu yake ya unamwino, amene sankayenda ulendo pa nkhani zazing'ono. Pathebulo panali pepala lolola Tsabola kulemba mayeso, malo osayina ali oyera, cholembera chili pambali pake chotsekedwa.

Onse atatu anayang'ana khadi lija.

"Tseka chitseko," anatero a Metroni.

"Ndingakonde chikhale chotsegula, mayi," anayankha Tsabola. "Zobisa zinatikwana dzulo."

A Tayi anatembenuka. Mphunzitsi wamkulu anavula magalasi. A Metroni anamuyang'ana mtsikanayo nthawi yaitali, kenaka anatambasula dzanja, osati kucholembera, koma kukhadi lofiira lija.

"Bwera nalo kuno," anatero. "Ndikufuna ndione kuti malembawa ndi a ndani."